Mpeni Umene Patson Anaotcha

Mutu 4

1. Zimene zinatsala

Bambo ake a Zipora, a Efulemu, anamwalira mu Okutobala 1994, mvula isanagwe. Patangotha sabata imodzi chiwaikireni m'manda, abale awo anafika ndi ngolo.

Anatenga njinga. Anatenga wailesi, nkhwangwa ziwiri, jekete la kutchalitchi, ngakhale bulangete limene mkazi wamasiye, mayi Felesiya, ankafunda. Anati ndi mwambo, katundu wa mwamuna amapita kwa mphwake, mwana wa mlongo wake, osati kwa ana obereka yekha. Ndi mwambo wanji wovula munthu bulangete misozi isanaume? Munthu uja anatsokomola miyezi isanu ndi umodzi, ndipo palibe m'bale amene anabwera ndi kapu ya phala. Koma njira ya ngolo anaidziwa msanga.

Mphwake wa a Efulemu anali Patson, mnyamata wa ndevu kale koma wopanda munda. Iyeyu ndiye anachotsa mpeni wa malemu pa tsindwi pamene unkasomekedwa, n'kuulowetsa m'lamba wake. Zipora anaona zonse ali pakhomo. Njinga sanaililire. Analilira mpeni.

Unali mpeni wa kunkhalango, wa chigwiriro cha mlombwa. Bambo ake ankasendera luzi, kudulira zisa za uchi ndi kusendera chinangwa chodya panjira. Pachigwiriro panali podzama pamene chala chawo chachikulu chinkakhala, ndipo kumapeto kwake anajambulapo timizere titatu tokumana pamodzi, ngati phazi la nkhuku.

Chinthu chimodzi chokha ngolo sinathe kunyamula. M'kati mwa nkhalango ya Dzalanyama, a Efulemu anapachika ming'oma ya njuchi isanu ndi inayi m'mitengo ikuluikulu ya mombo. Njira yake sanauze munthu. Ankangotema chizindikiro chomwecho cha phazi la nkhuku pa mitengo ya m'njira, ndipo amene anapitako nawo anali Zipora yekha, katatu, atasenza chigubu cha madzi.

Tsopano unali mwezi wa Julaye, sukulu itatsekera. Boma linali litasintha, ndipo anthu ena anamva ufulu molakwika. Ankati nkhalango ilibenso mwini. Tsiku ndi tsiku njinga za makala zinkatsika kulowera ku Mitundu, ndipo mitengo imene otentha makala ankayamba kugwetsa inali ya mombo yomweyo.

Zipora ankaima kuseri kwa nkhokwe m'mawa uliwonse, kuyang'ana mapiri aja. Utsi unali kukwera m'malo atatu. Sabata yotsatira unali kukwera m'malo asanu.

2. Mawu a mayi Felesiya

“Amayi, ndikufuna ndikaone ming'oma ya abambo,” anatero Zipora tsiku lina akutongola chimanga. “Amayi aang'ono a Rozina akupita kunkhuni Lolemba. Ndipita nawo.”

Mayi Felesiya anataya chitsononkho m'dengu mwamphamvu.

“Upita ndi chiyani? Ndi zikhadabo?”

“Ndi mpeni wa m'khitchiniwu.”

“Uwu wodulira tomato? Khala pansi, iwe, undimvere bwino, chifukwa sindibwereza.

“Nkhalango si msika woti ukasowa chinthu ubwereka kwa mnzako. Ukakwera mumtengo uli wekha. Dzanja limodzi wagwira nthambi, njuchi zili m'makutu, utsi uli m'maso. Mpeni ukathyokera pamenepo udzaitana ndani? Bambo ako ankati munthu wa uchi amafunika mpeni woti asendere luzi, awazire nkhuni zouma pomenya kumsana kwake ndi chikuni, atsegulire mng'oma, ndipo madzulo ukhale ukudulabe. Usakhale wautali ngati chikwanje, ungakupinge pokwera. Usakhale waufupi ngati wometera. Utalike ngati chikhatho chako ndi zala zomwe.

“Ine ndaika mwamuna m'manda. Ndaika ana awiri. Watsala iwe. Sindikuletsa, chifukwa ming'oma ija ndi yako, ndipo ndi yokhayo imene afisi aja sanaione. Mawondo angawa akanalola ndikanapita ndekha. Koma wopanda mpeni weniweni sutuluka pakhomo pano, ngakhale ulire mpaka Khirisimasi.”

“Nanga Patson akayamba kuipeza ndi iye?” anafunsa Zipora. “Akuti walowa gulu la makala.”

“Patson? Amene amasochera pochoka ku bawo? Njira ija saidziwa. Za iye usadandaule.”

Mayi Felesiya anadzuka movutikira, n'kupita kukhola. Anabwerako ndi msoti wamawangamawanga, nkhuku yomaliza ya pakhomo, ataumanga miyendo.

“Loweruka upite ku Mitundu. Kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango, pali chipala cha a Yakobe osula zitsulo. Mpeni wa bambo ako anasula ndi iwowo. Ukawapatse nkhukuyi, ukawauze kuti ndiwe mwana wa Efulemu. Usaime pena paliponse. Wamva? Pamsika pali anyamata a pakamwa potsekemera, ogulitsa zinthu zowala. Maso ako akhale kutsogolo. Nkhuku ndi imodzi. Ukaitaya, ina kulibe.”

“Ndamva, amayi.”

Ana mumayankha choncho nthawi zonse. Kumva mumamvadi. Koma makutu ndi miyendo sizipangana.

3. Pa mphasa ya mnyamata wa magalasi

Zipora ananyamuka mame asanaume, ndipo anafika ku Mitundu dzuwa litakwera. Msika unali utadzaza. Anadutsa ogulitsa kaunjika, anadutsa a usipa, nkhuku ili m'khwapa. Mtengo wa mango unali kuoneka patsogolo.

“Achemwali! Achemwali a nkhuku! Taimani muone zachilendo!”

Anali mnyamata wa magalasi akuda, atayala katundu pa mphasa: maloko, tochi, malamba ndi mipeni. Ananyamula mpeni umodzi n'kuutembenuza padzuwa. Unawala mpaka Zipora anaphethira.

“Uwu ndi wa demokalase, achemwali, wangofika kumene. Mipeni ya kale inapita ndi chipani chimodzi. Taonani mano akumsanawa, ngati sowo. Asilikali a mu vidiyo amagwira womwewu.”

Anapotokola chitsekero cha kumapeto kwa chigwiriro. M'kati munali mphako. Anakhuthulira m'dzanja lake timachesi, mbedza ndi kaulusi. Pachitsekeropo panali kagalasi kokhala ndi kasingano kovinavina.

“Iyi ndi kampasi. Simungasochere, ngakhale mutalowa mpaka ku Mozambiki.”

“Nanga chitsulocho chalowa pati, poti chigwiriro n'champhako?” anafunsa Zipora.

“Iii, mafunso ngati aphunzitsi! Chagwira, basi. Azungu si opusa.”

Zipora anaseka, n'kutembenuka kuti azipita. Pamenepo ndi pamene maso ake anagwera kumphepete kwa mphasa, pa mulu wa zitsulo zakale: zipanera zadzimbiri, mahinjesi, belu la njinga. Pansi pa muluwo panatulukira kachidutswa ka mtengo wofiirira.

Anagwada. Anaika nkhuku pansi. Anakoka pang'onopang'ono.

Phazi la nkhuku linali pomwepo, timizere titatu. Podzama paja panali pomwepo. Anaika chala chake chachikulu pamenepo, ndipo chinalowa n'kutsala malo. Anasendeza chigwiriro kumphuno. Pansi pa fungo la dzimbiri panali kafungo ka phula ndi utsi, fungo limene linkalowa m'nyumba bambo ake akabwera kuchokera kuphiri.

Phokoso lonse la msika linamuthawa.

“Mwautenga kuti uwu?”

“Chimenecho? Ndinasinthana ndi mkulu wina womata ndowa. Anafuna tochi. Chisiyeni, achemwali, n'chonyansa. Tengani wowalawu.”

Chitsulo chake chinali chakuda, mwina mobiriwira, ndipo kunsonga kunali zomatirira zolimba ngati chingamu. Zipora anaziona zimenezo. Sanafune kuziganizira.

“Ndikufuna uwu.”

Mnyamata uja anatsitsa magalasi. Anayang'ana mpeni, anayang'ana nkhuku yonenepa ija, anayang'ananso nkhope ya mtsikanayo. Anthu otere amadziwa kuwerenga nkhope kuposa buku.

“Aaa, komatu uwu ndi wakale weniweni. Anthu ambiri aufunsa lero. Popanda nkhuku yonseyo sungachoke pano.”

Mtengo wa mango unali pafupi kwambiri, moti kulira kwa nyundo kunkamveka. Zipora anaimva nyundoyo. Anakumbukanso mawu a mayi ake onse, limodzi limodzi. Kenako anakankhira nkhuku pa mphasa.

“Zikomo, achemwali! Mudzabwerenso!” anatero mnyamatayo, akubisa nkhuku kumbuyo kwake msangamsanga.

4. Chitsulo chakufa

A Yakobe anali nkhalamba yaifupi, ya mikono ya zipsera. Kusula anaphunzirira ku Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu, kumene masipuling'i a galimoto zakufa sasowa. Mpaka nthawi imeneyo mkamwini wawo ankawatumizira zitsulo kuchokera komweko. Tsikulo anali okha, akuvutika kupopa mvukuto ndi dzanja limodzi, lina litagwira mbaniro.

Zipora anagwada chapatali.

“Agogo, ndine mwana wa a Efulemu, a uchi aja.”

“Efulemu! Mphumi ndi yomweyo. Pepa, mdzukulu, maliro ndinamva mochedwa. Mayi ako akadali olusa?”

“Akadali.”

“Ndiye kuti ali bwino. Wabwera ndi chiyani?”

Zipora anatambasula manja onse awiri. “Ndaupeza, agogo. Mpeni wa abambo. Ndimati mungondinolera.”

A Yakobe anasiya mbaniro. Anaulandira mpeniwo, ndipo nkhope yawo inagwa. Anaukanda ndi chikhadabo kunsonga, n'kununkhiza.

“Pulasitiki,” anatero. “Anali nawo ndani?”

“Msuweni wanga, Patson.”

“Amamata ndowa?”

“Ndowa ndi mapatapata.”

“Chitsiru! Mwana wopanda mutu!” A Yakobe analavula pambali. “Mpeni umene ndinaugwirira ntchito masiku awiri, iye n'kumausomeka pa mbaula mpaka ufiire, kuti asungunulire mapatapata! Msomali sanauone? Supuni yakutha sanaione?”

“Koma ukanoledwa ukhala bwino, eti agogo?”

A Yakobe anatenga tupa, chitsulo chokhakhala chopalira zitsulo zinzake. Anapala nacho mpeni wina watsopano umene unali pa chitsa. Tupa inangotsetsereka, ikulira mokweza. Kenako anapala mpeni wa a Efulemu. Tupa inaluma, ndipo tizidutswa tinagwa ngati akupala sopo.

“Wamva kusiyana? Sendera pafupi, ndikuuze zimene sukulu siphunzitsa.

“Chitsulo cha mpeni timachilimbitsa kamodzi. Timachitentha, n'kuchiviika mu oyilo, ndipo chimagwira mphamvu. Ukachibwezeranso pamoto n'kuchisiya chizizire chokha, mphamvu ija imachoka. Maonekedwe ndi a mpeni, koma m'kati ndi phala. Unole m'mawa wonse, ukadula luzi kawiri wabuntha. Ukati utsegulire mng'oma, upindika. Ndipo sudzapindika uli pansi pano. Udzapindika uli m'mwamba, njuchi zitakwiya.

“Posankha mpeni wa kutchire usafunse kuti ukuwala bwanji, ndiponso usafunse kuti unali wa yani. Funsa zitatu. Kodi chitsulo chili ndi moyo? Kodi msuka wake, mchira uja wolowa m'chigwiriro, wadutsa mpaka kumapeto? Kodi ukukhala m'dzanja osaterera thukuta likabwera? Aja akugulitsa mnyamata wa magalasi, a machesi m'mimba, msuka wake ndi waufupi ngati chikhadabo. Mwezi uno wokha andibweretsera anayi, chitsulo kwina chigwiriro kwina. Mmodzi anabwera ndi chala chomanga nsanza.”

“Ndiye uwu muulimbitsenso, agogo. Muuviike mu oyilo.”

A Yakobe anaukweza mpeniwo padzuwa, n'kuloza pafupi ndi chigwiriro. Panali kamzere kakang'ono ngati tsitsi.

“Waona mng'alu uwu? Wina anakanulira chinthu cholimba. Komanso bambo ako anaunola zaka khumi ndi zisanu, wapyapyala ngati tsamba la chimanga. Ndikauviika uduka pawiri. Wafa, mdzukulu. Ndikanakonda kukunamiza, koma ndiwe mwana wa Efulemu.”

Anaugwira kunsonga n'kuukanikiza pa bondo pang'ono chabe. Unapindika, ndipo sunabwerere.

Zipora anafuula ngati amupinda ndi iye.

“Mayi ako sakanakutuma chimanjamanja,” anatero a Yakobe. “Anakupatsa chiyani?”

“Nkhuku.”

“Ili kuti?”

Zipora anayang'ana kumsika. A Yakobe anamvetsa.

“Nkhuku yamoyo, kusinthana ndi chitsulo chakufa. Mayi ako akusenda lero.”

Pamenepo Zipora analira, osati mokweza, koma misozi yokhayokha ikugwera pa chigwiriro. Sanalire chifukwa cha kukalipa kwa mayi ake. Analira chifukwa Lolemba linali mkuja, ndipo utsi kuphiri sunali kudikira munthu.

5. Kusankha kwachiwiri

A Yakobe anamusiya alire. Anakoleza makala, anasuntha zitsulo zawo, anatsokomola.

“Wondipopera mvukuto wapita ku ukwati ku Diamphwe,” anatero osamuyang'ana. “Ndili ndi makasu asanu oti ndiwongole dzuwa lisanapendeke. Manja uli nawo?”

“Ndili nawo.”

“Misozi siyatsa moto. Gwira apa.”

Zipora anagwira timitengo tiwiri ta mvukuto n'kuyamba kupopa. Poyamba ankapopa mothamanga, ndipo phulusa linamuwulukira kumaso. A Yakobe anamukalipira kuti apope ngati munthu akupuma, osati ngati galu wothamangitsidwa. Khasu loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Pofika lachisanu, m'manja mwake munali matuza, ndipo mapewa anali kuyaka.

Kenako a Yakobe anapisa m'thumba la chiguduli n'kutulutsa chitsulo chosulidwa kale koma chosalimbitsa, chopanda chigwiriro. Sichinali chokongola. Chinali chakuda, chokhuthala kumsana, cha msuka wautali. Anachiyeza pa chikhatho cha Zipora.

“Ichi chinali sipuling'i ya lole. Chanyamula matumba a fodya zaka zambiri osathyoka, ndiye luzi sichingaliope. Wachigwirira ntchito, ndi chako. Koma chigwiriro ndilibe. Mlombwa wouma unandithera, ndipo mtengo wauwisi umang'aluka. Ungadikire masabata awiri.”

“Masabata awiri mitengo idzakhala itagwa, agogo.”

“Ndiye pali njira imodzi.” Analoza mpeni wopindika uja, umene Zipora anauika pa miyendo yake nthawi yonseyi. “Chigwiriro icho ndi chabwino. Koma kuti ndichichotse ndiyenera kudula msuka, n'kugogoda chitsulo chituluke. Ukatero mpeni wa bambo ako watha, sudzauonanso monga unalili. Mwinanso mtengowo ung'aluka pogogoda, utaye zonse ziwiri. Kapena utenge mpeni wakowo momwe ulilimu, ukausomeke pa tsindwi, uziuyang'ana. Palibe angakuseke. Ine sindikusankhira.”

Zipora anauyang'ana mpeniwo nthawi yaitali. Miyezi isanu ndi inayi anali akuulota uli pa tsindwi paja. Anaika chala podzama paja kachiwiri. Kenako anayang'ana kumadzulo, kumene mapiri ankaonekera pamwamba pa madenga a msika.

“Abambo sankausunga pa tsindwi nthawi ya uchi,” anatero. “Dulani, agogo.”

Nyundo inagunda katatu. Zipora anatseka maso. Atatsegula, chitsulo chakale chinali pa dothi, ndipo chigwiriro chinali m'dzanja la a Yakobe, chathunthu.

“Mlombwa wa Efulemu,” anatero. “Wouma mutu ngati mwini wake. Popa!”

Chitsulo chatsopano chinalowa pamoto mpaka chinafiira ngati dzuwa lolowa. A Yakobe anachiviika m'chitini cha oyilo wakuda wa galimoto, ndipo utsi unabuka. Anachipukuta, n'kuchiwambanso patali ndi moto, pang'onopang'ono, mpaka chinasanduka mtundu wa udzu wouma.

“Apa pokha ndi pamene mpeni umaonana ndi moto,” anatero. “Kuyambira lero, ngakhale munthu akupemphe motani kuti aboolere kapena amatire, ukane. Ukabwera kutchire uupukute, uupake mafuta pang'ono. Usaubwereketse. Wobwereka mpeni sadziwa kumene unachokera.”

Analowetsa msuka m'chigwiriro mpaka unatulukira kumapeto, n'kuupinda ndi nyundo pambali pa phazi la nkhuku lija. Ananola pa mwala. Kenako anaimika chikuni cha muwanga, anaika mpeni pamwamba, n'kupatsa Zipora chikuni china.

“Menya kumsana. Usaunyengerere.”

Zipora anamenya ndi mphamvu zake zonse. Muwanga unang'ambika pawiri. Mpeni unali wowongoka. A Yakobe anaupititsa pa mkono wawo, ndipo ubweya unagwa.

Anamusokera chimake cha chikopa cha mbuzi. Chitsulo chakale chija Zipora anachitola yekha n'kuchimanga pa nsonga ya chitenje.

Atafika kunyumba ananena zonse, osabisa za nkhuku. Mayi Felesiya anakalipa mpaka anansi anatuluka m'nyumba. Anatchula mnyamata wa magalasi, anatchula Patson, anatchula mtundu wonse wa kwa Patson. Atatopa anati, “Bweretsa ndione.”

Anasolola mpeni m'chimake. Chala chawo chinapeza chokha podzama paja. Anakhala choncho, atagwira chigwiriro ndi manja awiri, mpaka madzi amene anali pamoto anaphwa.

“Lolemba uvale nsapato za bambo ako za matayala,” anatero pomaliza. “Nazonso afisi aja sanazione. Zili kuseri kwa mtsuko.”

6. Phazi la nkhuku

Lolemba m'mawa Zipora analowa m'nkhalango pamodzi ndi mayi Rozina, mng'ono wa mayi ake, ndi amayi ena a nkhuni. Mpeni unali m'chiuno, pansi pa juzi. Kunali kuzizira.

Kumphepete kwa nkhalango sanakuzindikire. Pamene panali mthunzi chaka chatha panali zitsa ndi milu ya dothi lakuda. Anayenda ola lathunthu asanafike pa mitengo yoimirira.

Amayi ena anatsala pa khwawa kutola nkhuni. Zipora ndi mayi Rozina anawoloka. Tsidya linalo panali mwala waukulu wong'ambika, ndipo pambali pake panali msuku wopendekeka. Zipora anathamanga.

Chinali pomwepo, pa msinkhu wa chifuwa cha bambo ake. Timizere titatu, khungwa litayamba kutsekera m'mbali. Anagusa ndi zala. Kwa kanthawi zinali ngati iwo angodutsa kumene, ngati akakweza maso awaona patsogolo, thumba lili paphewa, akumuuza kuti afulumire.

“Ndi chimenechi?” anafunsa mayi Rozina.

“Ndi chimenechi. China chili pa mtengo wa mphanda uko.”

Anasenda luzi pa kamtengo ka mombo kuti pokwera akamangire ndowa ya uchi imene ananyamula. Mpeni unalowa m'khungwa mosavuta, ndipo chigwiriro, ngakhale chinali chachikulu m'dzanja lake, sichinaterere.

Pa mtengo wa mphanda chizindikiro chinalipo. Koma pansi pake panali bala lina, lalikulu, la nkhwangwa. Utomoni unali ukadatuluka.

Zipora anathamangira pa mtengo wachitatu. Chimodzimodzi: phazi la nkhuku pamwamba, bala la nkhwangwa pansi. Wachinayinso.

“Wina akutsata njira ya abambo,” anatero. “Akuika zizindikiro zake kuti anzake amulondole.”

“Angaidziwe ndani? Si paja unati chizindikirochi mumachidziwa awiri?”

Zipora anayang'ana mpeni umene unali m'dzanja lake. Anautembenuza. Kumapeto kwa chigwiriro, timizere titatu tija tinali kuonekera bwinobwino. Munthu wina anachigwira chigwiriro chimenechi miyezi yambiri, tsiku ndi tsiku, atakhala pa mbaula akumata ndowa. Anali ndi nthawi yokwanira yochiyang'ana.

“Amayi anati Patson njira ija saidziwa,” anatero Zipora chapansipansi.

Kumtunda, kumene kunali mng'oma woyamba, nkhwangwa inayamba kulira. Inagunda kawiri, n'kuima. Kenako kunamveka mawu a munthu akuseka, mawu a Patson, amene Zipora anawamva komaliza tsiku la ngolo.

“Tiye tibwerere,” ananong'ona mayi Rozina, atamugwira mkono. “Tikaitane amuna.”

“Pofika amunawo mtengo udzakhala uli pansi.”

Zipora anabwezera mpeni m'chimake, anakoleka luzi paphewa, n'kumanga chitenje chake molimba. Nkhwangwa inayambanso. Iye anayamba kukwera phiri, kulunjika komwe inali kulira.